Mayunitsi 100 m'masiku atatu: zomwe ndinapeza pa nyumba ina ku Luwinga

Foni inalira m'mawa wina kumapeto kwa Juni, tsiku lachifunga loti ngakhale akabaza amayenda mochita kufufuza msewu. Bambo amene amaimbayo sanatalikitse moni. "Amisiri, mita yanga ikundibera. Ndagula mayunitsi 100 Lolemba, lero Lachinayi yayamba kale kulira." Mawu amenewa ife okonza zamagetsi kuno ku Mzuzu timawamva chaka ndi chaka chisanu chikangofika, ndipo kawirikawiri mita imakhala ilibe mlandu. Nkhani ya nyumbayi ndailemba chifukwa ndinalakwitsamo kawiri, ndipo kulakwitsa kwina kunatsala pang'ono kutayitsa miyoyo ya anthu awiri. Maina sinditchula.

Banjali linachokera ku Nchalo mu Januwale bambo atasamutsidwa pantchito. Anali bambo, mayi ndi ana atatu, wamkulu mtsikana wa Fomu 2. Mu Meyi kunabweranso agogo, mayi awo a bambowo, kuti azikhala pafupi ndi chipatala chifukwa cha miyendo. Nyumba ndi yalendi, ya njerwa zootcha, yamalata. Zipinda zitatu ndi pabalaza zili ndi siling'i. Kuseri kuli kachipinda kena komwe eni nyumba anachita kuwonjezera, kale kanali kosungiramo katundu, ndipo n'komwe agogo ankagona ndi mdzukulu wawo uja. Tsiku loyamba kachipindako sindinalowemo. Agogo anali akupumula, ine ndinangofunsa kuti muli chiyani, mayi n'kuyankha kuti babu limodzi ndi soketi yotchajira foni. Ndinalemba zomwezo n'kupitirira.

Mwamwayi bambo sankafufuta mauthenga a mayunitsi amene ankagula pa Airtel Money. Titawerengera, mu Malichi nyumbayi inkadya mayunitsi pafupifupi 21 patsiku. Mu Juni inali pa 33.

Ndinayamba ndi mita, pakuti munthu amene akukhulupirira kuti akuberedwa samva china chilichonse mpaka utamuonetsa. Mita ndi ya ESCOM, sitiitsegula, koma kuiyesa n'kotheka uli panja pake. Ndinagwetsa ma breaker onse (maswichi a mizere ya magetsi) pa DB, bokosi logawa magetsi m'nyumba, tinadikira theka la ola, nambala ya mayunitsi sinasunthe. Ndiye kuti pakati pa mita ndi DB palibe waya wobisika wopita kwa aneba, nkhani imene mayi ankaikayikira kwambiri. Kenako ndinakweza breaker ya kuka yokha, ndinayatsa mbale imodzi mpaka kumapeto, clamp meter, kachipangizo koyezera magetsi odutsa pawaya, inaonetsa ma amp 6.5. Pa ma volt 230 amenewo ndi ma watt pafupifupi 1500, ndipo m'mphindi 20 ayenera kudya theka la yunitsi. Anadyadi theka. Bambo anayang'ana manambalawo kanthawi n'kungoti, "Ndiye wakubayo ali m'nyumba mom'muno."

Ndinazungulira ndi kope. Mababu atatu akunja anali akale aja a ma watt 100, oyaka kuyambira 6 koloko madzulo mpaka 6 koloko m'mawa, mayunitsi 3.6 usiku uliwonse. Filiji inali ndi labala wapachitseko wotha, woti ukapanikiza pepala limangosololoka, ndinaiyika pa 2.5. Kuka 4.5. Wailesi yakanema, ayironi, ketulo ndi mababu am'kati pamodzi 2.4. Zonsezi zinakwana 13. Ndiye 20 enawo akupita kuti?

Maso anga anathamangira ku giza, ndipo gizayo inali ndi milandu yake yeniyeni. Ndi ya malita 150, element (chitsulo chotenthetsa madzi) ya 3 kW, yopachikidwa kunja kukhoma, mapaipi a madzi otentha ali pamtetete osakutidwa ndi kanthu. Madzi a pampopi wa m'bafa ndinawayeza, madigiri 75, oti mwana akhoza kupsa nawo. Thermostat, kachipangizo kozimitsa giza madzi akatentha mokwanira, inali itatopa. Mpopi wa madzi otentha wa kukhitchini unkadontha, botolo la theka la lita linadzaza m'mphindi 30, kutanthauza malita 24 patsiku otenthetsedwa ndi ndalama n'kumapita mu ngalande. Masamu ake mumawadziwa anzanga: lita imodzi kuti ikwere digiri imodzi imafuna pafupifupi 1.16 Wh, ndipo yunitsi imodzi ndi 1000 Wh. Malita 150 kuwachotsa pa madigiri 15 kufika pa 75 ndi mayunitsi 10.5. Ndinati banja la anthu asanu ndi mmodzi, kusamba m'mawa ndi madzulo, gizayo ikutha kawiri patsiku, 10.5 kawiri ndi 21. Manambala anakumana bwinobwino moti sindinafunsenso funso lina.

Safunsa anadya phula. Ndikanayang'ana bwino mauthenga aja ndikanaona kuti giza yomweyi, mpopi wodontha womwewu ndi mababu omwewa zinalipo mu Malichi pamene nyumba inkadya 21. Madzi a m'mapaipi amaziziradi mu Juni, koma ngakhale atatsika ndi madigiri 6, pa thanki yonse kumeneko n'kuwonjezera yunitsi imodzi yokha. Sizingakhale 12. Chimene chinasintha pakati pa Malichi ndi Juni chinali nyengo komanso munthu amene anabwera mu Meyi, ndipo zonsezi anandiuza tsiku loyamba lomwelo.

Tinagwira ntchito imene ndinalemba. Thermostat yatsopano ndinaiika pa madigiri 60. Bambo ankafuna 45 kuti tipulumutse zambiri, ndinakana, chifukwa madzi osungidwa ofunda chabe ndi momwe tizilombo ta Legionella timaswana, ndipo m'nyumbamo muli nkhalamba. Pulambala anasintha washa wa mpopi, mapaipi tinawakuta, ndinaika timer kuti giza iziyaka maola awiri m'bandakucha ndi ola limodzi madzulo. Mababu akunja tinaika a LED a ma watt 10, usiku wonse atatuwo osafika ndi theka la yunitsi lomwe. Labala wa filiji tinasintha. Ndinawalonjeza bambo kuti afika pa 15 patsiku.

Patatha sabata anandiimbira, mawu ali ozizira kuposa m'mawa wa ku Chikangawa. Nyumba inali pa 25.

Apa m'pamene ndinachita zimene ndinayenera kuyamba nazo. Ndinawapempha bambo kuti masiku atatu azilemba nambala ya pamita katatu: 6 koloko madzulo, 10 koloko usiku pokagona, ndi 5 koloko m'mawa, giza itazimitsidwiratu pa DB usiku wonse. Pakati pa 10 ndi 5, nyumba yogona tulo, yokhala ndi filiji ndi mababu atatu a LED, siyenera kupitirira yunitsi imodzi. Usiku woyamba panapita 11.3, wachiwiri 11.1, wachitatu 11.4. Mukachotsa za filiji ndi mababu, kwatsala pafupifupi 10.5 m'maola 7, amene ndi ma watt 1500 osapuma. Nambala imeneyi inandiseketsa ndekha, chifukwa ndi yomwe ija ndinayesera mita tsiku loyamba. Chinthu chodya 1500 usiku wonse osadukiza si giza, si filiji. Ndi mbale yophikira.

Ndinapempha kulowa kuchipinda kwa agogo. Anali atakhala pabedi atafunda mabulangeti awiri, chipewa chaubweya kumutu, 11 koloko masana. Fungo la pulasitiki wopsa linandilonjera ndisanapereke moni. Soketi ya pafupi ndi bedi inali yachita chikasu, bowo limodzi litada. Pansi pa bedi, kuseri kwa sutikesi, panali hotipuleti ya mbale imodzi ndi ekisitenshoni yotchipa ija, pulagi yake itasungunuka mbali imodzi. Neti ya udzudzu inali yopsa pang'ono m'munsi, kabowo konga ka ndudu.

Mtsikana uja anagwetsa nkhope. "Ankolo, agogo amalira ndi miyendo usiku. Ndimayatsa adadi akagona, n'kuzimitsa asanadzuke." Agogo anamuikira kumbuyo msangamsanga. "Mwana alibe mlandu, bambo. Ndine ndinamutuma. Kwathu sitidziwa zoterezi. Kuno mphepo imalowa m'mafupa." Ananena zoona. Nchalo ili m'chigwa cha Shire, sifika ndi mamita 100 omwe kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, pamene Mzuzu ili pamwamba pa mamita 1,200. Munthu wakhala zaka zake zonse kumene anthu amagona panja chifukwa cha kutentha, lero mwamuika m'chipinda chozizira kuposa zonse m'nyumba. Ndinawaseka kuti magetsi amene amawotha aja ena amachokera ku Kapichira, kwawo konko ku Chikwawa, ndiye kuti Shire wawatsatira. Anaseka, koma bambo sanaseke nawo.

Ndinayang'ana m'mwamba. Malata ali pambalambanda, opanda siling'i. Pakati pa khoma ndi malata panali mipata yoti dzanja limalowa, kuwala kukuoneka. Zenera la ma louvre, magalasi awiri palibe, atatsekapo ndi katoni yonyowa. Pansi pa chitseko chotulukira kuseri panali mpata wa zala zitatu. Pansi simenti yopanda ngakhale mkeka. Chipindacho chili kumwera kwa nyumba, ndipo miyezi ino dzuwa limadutsa chakumpoto, choncho khoma lake silionana ndi dzuwa tsiku lonse, pamene mphepo yozizira ya nyengoyi imachokera chakumwera chakum'mawa, n'kumamenya pazenera lomwelo. Ndinasiya thermometer ziwiri. M'mawa mwake 5 koloko, hotipuleti itakhala yozima usiku wonse, chipinda cha agogo chinali pa madigiri 9, cha makolo pa 15.

Kulakwitsa kwanga kwakukulu kunachitika tsiku lomwelo. Ndinawauza bambo kuti hotipuletiyo ikhoza kuyatsa nyumba, zomwe zinali zoona. Ma amp 6.5 paokha sangavute soketi yabwino, koma pa pulagi yogwedera, maola 7 usiku uliwonse, pafupi ndi neti ndi bulangeti, inali nkhani ya tsiku chabe. Ndinasintha soketi, bambo anatenga hotipuleti n'kukaitsekera m'galimoto. Za siling'i tinati tidikire malipiro a mwezi ndi chilolezo cha eni nyumba. Ndinachoka ndili wokondwa kuti wakuba wapezeka. Sindinadzifunse kuti nanga agogo agona bwanji usiku umenewo ndi masabata awiri otsatirawo. Mayunitsi anatsika kufika pa 15 monga ndinalonjezera, bambo n'kunditumizira uthenga wothokoza.

Tsiku lachinayi, cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, mayi anamva wina akusanza. Atatsegula chipinda cha kuseri anapeza mtsikana ali chogwada pansi, akulephera kuimirira, agogo akuyankha mwa apo ndi apo. Pakona panali mbaula ya makala, phulusa lili lotentha. Mtsikanayo anaitenga kukhitchini yapanja atatha kuphika nyemba, ndipo pofuna kuti kutentha kusathawe anatseka mpata wa pansi pa chitseko ndi chitenje, pazenera n'kupachika bulangeti. Mayi poyamba anaganiza za malungo, pakuti mutu, chizungulire ndi kusanza n'zofanana. Chimene chinawadzidzimutsa n'chakuti anthu awiri adwale ola limodzi m'chipinda chimodzi. Anatsegula zitseko zonse, anawakokera panja, bambo n'kuthamanga nawo kuchipatala komwe anawaika pa oxygen. Mtsikana anatuluka tsiku lomwelo, agogo anagonako masiku awiri.

Mpweya wa carbon monoxide ulibe fungo, ulibe mtundu, ndipo makala amene asiya kufuka utsi, amene anthu amati "apsa bwino", amautulutsabe. Umakanirira m'magazi mwamphamvu kuposa oxygen ka 200 n'kupitirira, ndipo munthu wogona sadzuka kuti athawe. Chimene chinawapulumutsa awiriwa, mmene ndikuonera ine, ndi mipata ija ya pakati pa khoma ndi malata imene mtsikana sanathe kuifikira. Taganizani, mipata yomweyo ndi imene ndinali nditalemba kuti titseke. Zikanachitika siling'i itakhomedwa kale, nkhani ino bwenzi ikulembedwa ndi wina.

Kuyambira pamenepo ndinasintha kachitidwe. Chotenthetsera choopsa sindichichotsa m'nyumba ndisanasiye china m'malo mwake tsiku lomwelo, ngakhale litakhala botolo la madzi otentha. Ndiponso sinditseka mpata uliwonse m'chipinda chogona ndisanakhale pansi ndi anthu onse a m'nyumbamo, ana ndi antchito omwe, kukambirana za mbaula. Bambo wolipira mayunitsi si amene amadzuka usiku.

Agogo asanatuluke m'chipatala tinayamba ntchito. Eni nyumba atamva zomwe zachitika sanavute, anavomera kuti ndalama za siling'i zichotsedwe pa lendi ya miyezi iwiri. Chipindacho ndi cha mamita atatu mbali zonse, kalipentala anakhoma siling'i ya hardboard tsiku limodzi, womanga n'kutseka mipata ya pamwamba pa khoma ndi zidutswa za njerwa ndi matope a simenti. Waya wa babu ndinamulowetsa mu conduit, kapaipi kotetezera waya, asanatseke. Kalipentala ankafuna tithire utuchi pamwamba pa siling'i, poti kuno utuchi wa paini umapezeka paliponse pamene akucheka matabwa ndipo umasungadi kutentha. Ndinakana. Utuchi pafupi ndi mawaya ndi nkhuni zodikira moto, ukanyowa umalemera n'kugwetsa hardboard, komanso makoswe ndi chiswe amaukonda. Siling'i payokha imachita kale zambiri. Usiku wopanda mitambo malata amazizira kuposa mpweya wapanja, n'chifukwa chake amachita thukuta n'kumadontha m'mawa, ndipo mpweya wofunda wa m'chipinda ukakwera umakathera pamalata pomwepo. Siling'i imaudula njira.

Zina zonse zinali zotchipa. Magalasi awiri a louvre. Pansi pa chitseko tinakhomapo labala wodula ku chubu chakale cha galimoto, wokwekwereza pansi pang'ono. Mayi anasoka katani ya bulangeti lakale yofika pansi, yoti izitsekedwa dzuwa likangolowa. Pasimenti tinayala mphasa, pamwamba pake kapeti wa kaunjika. Bedi tinalichotsa kukhoma lakunja n'kuliika kukhoma logundana ndi khitchini, limene limakhala lofundirako madzulo. Ndinabweretsa botolo la labala la madzi otentha. Kuwiritsa lita imodzi ndi theka m'ketulo kumadya pafupifupi 0.15 ya yunitsi, ndipo botololo likakulungidwa m'nsalu limafunditsa mapazi mpaka pakati pa usiku. Muyerekeze ndi 10.5 ya hotipuleti. Tinagulanso kahita ka ma watt 800 kokhala ndi thermostat ndi swichi yozimitsa kakagwa, kolowa pa soketi yapakhoma popanda ekisitenshoni, koyaka ola limodzi asanagone ndi theka la ola podzuka. Bambo anadandaula kuti tikubwezeretsa chomwe tachotsa. Ndinawaonetsa pakope kuti ndi mayunitsi 1.2 patsiku, anangogwedeza mutu.

Funso loti bwanji osangowasamutsira agogo kuchipinda china ndinalifunsa. Iwo anakana kwamtuwagalu. Kachipindako kali ndi khomo lakelake lotulukira kuseri, ndipo sankafuna kumadutsa pamaso pa mpongozi wawo ndi ana aamuna usiku popita kuchimbudzi. Pa nkhani zotere mmisiri sapambana, ndipo sindinalimbikire.

Kulakwitsa kwachiwiri kunali kwakung'ono koma kwamanyazi. Pakhoma panali ma air vent awiri, mabowo olowetsa mpweya, ndipo pofuna kuti madigiri akwere msanga ndinalola kuti onse atsekedwe ndi manyuzipepala. Patatha masabata atatu khoma lakumwera linachita chuku kuseri kwa sutikesi, magalasi akuchucha madzi m'mawa uliwonse, zovala zikununkha chinyontho. Mzuzu si Lilongwe, mpweya wa kuno umakhala ndi madzi ngakhale mu Julayi, mvula yowaza ija ikhoza kukhala masiku atatu osaleka. Anthu awiri opuma usiku wonse m'chipinda chotsekeratu, nthunzi yawo imathera pakhoma lozizira. Kunapezekanso kuti mayi ankayanika mayunifomu a ana momwemo poti ndimo munali mofunda tsopano. Tinatsegula vent imodzi, ya mbali yosapenyana ndi mphepo, khoma tinalitsuka ndi Jik wosungunula, mayunifomu anabwerera pakhonde, ndipo tinagwirizana kuti zenera lizitsegulidwa kuyambira 11 koloko mpaka 2 koloko masana. Vent imeneyo sindinayenera kuitseka n'komwe m'nyumba imene mbaula inalowapo kale.

Kumapeto kwa Julayi thermometer ya kwa agogo inkaonetsa 14 kapena 15 nthawi ya 5 koloko m'mawa, kufanana ndi zipinda zinazo. Nyumba inakhazikika pa mayunitsi 16 patsiku, ndiye kuti 100 aja ankafika masiku asanu ndi limodzi. Mu Okutobala, kahita katasungidwa ndipo ena akusamba madzi ozizira, inatsika kufika pa 13. Timer ya giza inavutapo pang'ono magetsi akazima, chifukwa inali yozungulira ija imene imaima magetsi akathima n'kusokoneza nthawi, ndinaisintha ndi yokhala ndi batire mkati. Bambo ayamba kufunsa za giza ya sola, ndawauza kuti nyumba ndi yalendi, akambirane kaye ndi eni ake, komanso aganizire masiku a chifunga pamene element idzayakabe.

Agogo anabwerera ku Nchalo mu Seputembala miyendo itachitako bwino. Mwezi wa Meyi wotsatira bambo anandiimbiranso kuti mayi awo akubwera, ndikaone chipinda chisanu chisanafike. Labala wa pachitseko anali atang'ambika, ndinakhoma wina. Chuku sichinabwerere. Vent ija ndinaipeza yotsekedwanso ndi nyuzipepala, mtsikana anati ndi mng'ono wake amene amagonamo tsopano. Ndinachotsa nyuzipepalayo, ndinamuitana mnyamatayo, mlongo wake n'kumufotokozera yekha za usiku uja. Botolo la madzi otentha sitinalipeze. Agogo anapita nalo ku Nchalo, ati anzawo kumeneko sankakhulupirira kuti kuli dziko limene munthu amagona ndi madzi owira kumapazi.